Mmene mungamvere "just now" ya ku Joni kuno

Abale amene mwangofika kumene ku Joni, pali mawu awiri achizungu amene angakudikiritseni tsiku lonse pageti pa munthu ngati simuwamvetsa, mawuwo ndi just now. Kwathu kusukulu anatiphunzitsa kuti just now ndi chinthu chimene changochitika kumene, monga aphunzitsi atuluka pompano. Nzoona, ku England amateronso. Koma kuno ku South Africa nthawi zambiri amanena za kutsogolo, nde kutsogoloko kulibe malire, atha kukhala maminitsi 20, madzulo, pena mawa amene.

Choyamba tcherani khutu ku mawu oyandikana nawo. Akati I saw him just now, ndiye kuti zachitika kale, amuona posachedwapa. Akayamba ndi I'll, monga I'll come just now, basi dziwani kuti abwera koma nthawi yake akuidziwa okha, musaime ndi chikwama m'manja, pitirizani ntchito yanu.

Pali mzake wake now now. Ameneyu ali pafupiko, akutanthauza posachedwa ndithu, komabe si pompano. Pompano weniweni ndi right now, bwana kapena madamu akanena zimenezi siyani chilichonse olo mopu ili m'manja.

Zinachokera kuti zimenezi? Liwu la now ndi lakale kwambiri, zaka 1,000 zapitazo Angelezi ankati nu, ndipo anthu a ku Holland mpaka lero amati nu, Afrikaans, chilankhulo cha kuno chochokera ku cha anthu a ku Holland, nkumati nou. Azungu a ku Holland anafika ku Cape mu 1652, Angelezi nkudzalanda malowo mu 1806, kuyambira pamenepo chizungu ndi chilankhulo cha a ku Hollandwo zakhala khomo limodzi nkumabwerekana. Mu Afrikaans muli nou-nou komanso netnou, net ndiye just, nou ndiye now, ndipo netnou imagwira konse konse, kumbuyo ndi kutsogolo. Chizungu cha kuno chinangotengera pamenepo. Musawaone ngati abodza ai, ifenso timati ndikubwera kwinaku tikupita, ndipo tonse timamvana.

Pamene ine pamandiwawa mpa ndalama. Wagwira ganyu m'gadeni ku Randburg kuyambira m'mawa, akukuuza I'll pay you just now, iwe lendi ikukudikira ku Yeoville, ya takisi ulibe. Apa musachite manyazi achimwene, funsani mwaulemu, what time should I come, sir? Akutchulireni ola, 4 koloko kapena 5, ngati nkotheka akulembereni pa WhatsApp. Kufunsa nthawi si mwano kuno, anthu anazolowera.

Inunso polankhula samalani. Madamu akakutumani kanthu kachangu musayankhe just now poganiza kuti mukuti pompano, kwa iwo zimveka ngati mwati ndipanga ndikafuna. Nenani kuti right away kapena I'm doing it now.

Mudzamvanso mayi akukalipira mwana kuti get down, just now you fall. Apa sakunena za nthawi, akuchenjeza kuti tsika ungagwe.

Ku renki monga ku Bree akakuuzani kuti takisi inyamuka now now, suzumirani mkati muwerenge mipando yotsala, chifukwa imanyamuka ikadzadza basi.