Malangizo osankhira paipi yodutsamo kebulo ya malaiti pansi pa nthaka

Musanagule paipi, yendani kaye njira yonse imene kebulo idzadutsa, muone mtundu wa dothi ndi zimene zidzapondapo pamwamba. Paipi yokwanira pansi pa kapinga ingathe kuphwanyika pansi pa msewu wa mathiraki. Nchitoyi igwiridwe ndi munthu wa malaiti wokhala ndi chilolezo, ndipo pamene malamulo a kampani yopereka malaiti asiyana ndi malangizo ano, tsatirani malamulowo.

Mapaipi okwirira pansi amayesedwa potsata muyezo wa padziko lonse wotchedwa IEC 61386-24 ndipo amaikidwa m'magulu a 250, 450 ndi 750. Manambalawa asonyeza mphamvu imene paipi imapirira ikapanikizidwa. Ya 250 ifunika chitetezo china, monga kuizinga ndi konkire. Ya 450 ndi ya 750 mungazikwirire m'dothi popanda chowonjezera, koma podutsa motoka zolemera sankhani ya 750. Paipi yosalembedwa kalikonse musaikhulupirire, ngakhale ioneke yolimba. Paipi ya madzi, kapena kapaipi kopyapyala koyera kolowetsa m'zipupa za nyumba, musazikwirire konse.

Pa nchito zambiri paipi yochindikala ya pulasitiki wouma wotchedwa PVC ikwanira. Ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ndipo imalumikizidwa ndi guluu wake. Vuto lake ndi lakuti imasweka ikamenyedwa ndi piki kapena ikatsamira pa mwala wakuthwa, ndiponso imafooka ikakhalitsa padzuwa. Pamene paipi itulukira pamwamba pa nthaka, sewenzetsani yochindikala kwambiri kapena yachitsulo.

Njira ikakhala yaitali kapena yokhotakhota, paipi ya pulasitiki wopindika wotchedwa HDPE ndiyo yabwino. Imabwera yokulungidwa, motero molumikiza mumachepa, ndipo nthaka ikasuntha imapindika m'malo mothyoka. Izi zithandiza kwambiri m'dothi la makande, limene limatupa mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe. Sankhani ya makoma awiri, yamizeremizere kunja koma yosalala mkati, kuti kebulo iziyenda bwino poikoka. Guluu wa PVC sagwira pa HDPE, choncho lumikizani ndi zolumikizira zake zokhala ndi mphira.

Paipi yachitsulo yokutidwa ndi zinki ndi yolimba kuposa zonsezi, koma m'dothi lonyowa kapena la asidi dzimbiri limaidya, kuyambira pamene inadulidwa ndi pa mazinga. Malo amenewo apakeni mankhwala oteteza ndipo paipi yonse muikulunge ndi tepi yoletsa dzimbiri. Iyeneranso kulumikizidwa ku earth, waya woteteza wotaya malaiti m'nthaka pakachitika vuto. Chenjerani kwambiri pa ichi: mawaya onse a njira imodzi ya malaiti a AC (malaiti osinthasintha mbali, monga a m'nyumba), kuphatikizapo neutral (waya wobwezera malaiti), alowe m'paipi yachitsulo imodzi. Mukawagawa m'mapaipi osiyana, maginito ochokera ku mawayawo amatenthetsa chitsulo mpaka chikopa cha kebulo kuwonongeka.

Ambiri amaganiza kuti paipi imatsekereza madzi. Sitero ayi. Ngakhale mulumikize mosamala chotani, chinyezi chimalowa n'kusanduka madzi mkati, ndipo amakhazikika pamene paipi yatsika. Chifukwa chake kebulo imene mulowetsamo ikhale yololedwa kukhala m'malo onyowa, ndipo isakhale ndi polumikiza mkati mwa paipi. Kumapeto konse kuwiri tsekani ndi zotsekera zake kuti matope, makoswe ndi chiswe zisalowe.

Pa kukula kwa paipi musaumire. Mukalowetsa mawaya atatu kapena kuposerapo, asadzaze malo opitirira 40 peresenti ya mkati mwake. Kebulo ya m'paipi imatentha kuposa yoyalidwa m'dothi mwachindunji, chifukwa mpweya wozungulira sutulutsa kutentha msanga, choncho wa malaiti awerengenso kukula kwa kebulo poganizira zimenezi. Pokhota sewenzetsani zokhota zazitali, ndipo makona onse pakati pa malo awiri okokerapo kebulo, mukawaphatikiza, asapitirire madigiri 360. Akapitirira, mangani kabokosi kokokerapo pakati. Siyani chingwe chokokera mkati, chidzathandiza tsiku lofuna kuwonjezera kebulo ina.

Ngalande nthawi zambiri imakumbidwa mamilimita 450 mpaka 600, ndipo pansi pa msewu kapena m'munda wolimidwa iyenera kuzama kuposa apo. Chotsani miyala yonse, yalani mchenga wosefa pansi, gonekani paipi, kenaka ikwirireni ndi mchenga wina musanabwezere dothi. Pamwamba pa paipi, motalikirana nayo ndithu, yalani tepi yochenjeza kuti wokumba m'tsogolo ayambe waiona khasu lisanafike pa paipi. Musanatseke ngalande, jambulani njira yonse, lembani kuzama kwake ndi mtunda wake kuchokera ku chipupa kapena mpanda, ndipo pepalalo mulisunge pafupi ndi bokosi la maswichi.