Dzino la nambala 6 silimeranso

Chitsegulireni sukulu teremu ino, ana a Sitandade 1 mpaka 3 akufika kuchipatala cha mano atagwira tsaya, ndipo akayasamula dzino lofumbwa limakhala lomwelomwelo: lachitsakano lakumapeto kwenikweni, kawirikawiri la m'munsi. Ukafunsa makolo chimene anachedwera, nawonso yankho ndi limodzi: "Timati liguluka lokha, si mano aubwana amenewa?" Dzino limenelo si laubwana ayi. Ndi lachikulu, ndipo likazulidwa palibe lina lodzaphukanso m'malo mwake.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti dzinoli siligulula linzake pomera. Mano akutsogolo amagwedera, n'kuguluka, pakhomo ponse n'kudziwa kuti mwana akukula. Ili limangotulukira mwakachetechete kuseri kwa mano onse aubwana mwana ali ndi zaka 6 kapena 7, ndipo amakhala anayi, awiri m'mwamba, awiri m'munsi. Mano aubwana alipo 20, asanu mbali iliyonse, m'mwamba ndi m'munsi momwe. Ndiye yambirani pakati pa mano awiri akutsogolo, muwerenge cholowera kukhosi, pamene pali gweru muwerengeponso. Mukafika pa 6, limenelo ndilo.

Ndipo ndi dzino losachedwa kubooka. Pamwamba pake pali timing'alu tozama, tina topapatiza moti ulusi wa mswachi sulowamo. Limatenga miyezi kuti likwere kufanana ndi anzake, choncho mswachi umangodutsa m'mwamba osalikhudza. Chikamba choyera chokuta dzinolo chimakhalanso chidakali chanthete m'zaka zoyambirira. Tsono onjezanipo kutentha kwa nyengo ino, pomwe pageti pa sukulu pamakhala mafirizi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera. Shuga akangolowa mkamwa, tizilombo tokhala mu litsiro lomata mano timamusandutsa asidi m'mphindi zochepa, ndipo pH, muyezo umene umatsika asidi akamachuluka, ikatsika kupitirira 5.5 dzino limayamba kusungunuka. Malovu amafuna theka la ola kapena ola lathunthu kuti akonzenso zinthu. Mwana woyamwa firizi popita, switi pa buleki, firizi ina poweruka, nzimbe masana, tiyi wa masipuni atatu madzulo, malovu ake sapeza mpata. Zimenezi si zatsopano. Kafukufuku wa ku Vipeholm ku Sweden, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1954, anaonetsa kale kuti zotsekemera zodyedwa pafupipafupi pakati pa chakudya zimaononga mano kwambiri kuposa shuga wodyera pamodzi ndi chakudya. Anachitidwa pa odwala amene sanafunsidwe n'komwe, zomwe lero sizingaloledwe, koma phunziro lake silinasinthe.

Chotopetsa n'chakuti makolo amachiona chibowocho. Amayamba aona kadontho kakuda, n'kunena kuti sikakupweteka. Dzino limafumbwa ngati chimanga cha anankafumbwe: kunja kaboo kakang'ono, mkati mwatha. Pamene mwana akuyamba kulira usiku, kuwola kwafika pamtsempha, ndipo kumata wamba sikungathandizenso. Bambo wina wolima mtedza anabwera ndi mwana wake wamkazi tsaya litatupa mpaka diso kuchepa. Anali atayesa kale madzi amchere, kenako anapera asipirini n'kumuika padzinopo, usinini wonse n'kupsa kuyera mbee. Atamva kuti dzinolo ndi lachikulu ndipo lizulidwa, anangoti kakasi, kenaka: "Adokotala, nanga mkulu wakeyu bwanji? Nayenso linazulidwa lomweli, tinkati limera." Mtedza umene anagulitsa kuti apeze ya kabaza ulendo wopita ndi wobwerera ukanagula mankhwala otsukira mano a miyezi yambiri. Asipirini saikidwa pausinini, ngakhalenso fodya, soda, palafini kapena madzi a batire. Zimenezi tanena mpaka pakamwa kuuma.

Kuzula sikuthetsa nkhani. Dzino la nambala 6 ndilo limasenza ntchito yaikulu yotafuna ndipo limaongolera anzake pomera. Likachoka, lakumbuyo kwake limene limamera pa zaka 12 limatha kupendekera pagwerupo, lam'mwamba n'kutsika chifukwa lasowa polumana nalo, zakudya n'kumatsakamira m'mipatamo, kufumbwa n'kuyambiranso. Mwana amazolowera kutafunira mbali imodzi, amakana chimanga chokazinga ndi nyama, amajomba kusukulu. Dzino likaonongekeratu, pali nthawi ina, cha m'ma zaka 8 mpaka 10, imene kulizula kumapatsa mwayi lakumbuyo kuti lisendere n'kutseka malowo, koma woganiza zimenezi ndi dokotala wa mano atapima, osati munthu wa pulayala pamsika.

Chowawa china n'chakuti njira zotetezera dzinoli zilipo, zotsika mtengo. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira zinthu zitatu za mano: mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride wolimbitsa mano, phala lomatira mano lotchedwa glass ionomer, ndi mankhwala opaka padzino otchedwa silver diamine fluoride. Phala lija limatha kutseka timing'alu ta dzino lisanabooke, kapena kumata kaboo kakang'ono popanda makina obowolera ngakhale magetsi. Njira yomata ndi zida zam'manja zokha imeneyi inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, poganizira madera onga athu ano. Silver diamine fluoride amangopaka kadontho pamene pafumbwa ndipo kuwola kumaima pamabowo ambiri, makamaka a mano aubwana, kungoti pamalopo pamada bii osayeranso. Kuno ku Malawi maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019 kusukulu imene lero ndi yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS), ndipo ndondomeko ya dziko yosamalira mano ndi mkamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Koma zonsezi zimathandiza mwana wobwera dzino likadali ndi kadontho chabe. Wobwera tsaya litatupa ndiye ndi wozula basi.

Zoti muchite ndi zochepa. Lero lomwe mutengereni mwana padzuwa, ayasamule, muwerenge mpaka 6 mbali zonse zinayi. Pogula mankhwala otsukira mano, amene tonse timangoti Colgate, yang'anani pachubu kuti palembedwa fluoride wa 1000 mpaka 1500 ppm. Wosakwana zaka 3 muikireni wochepa ngati njere ya mpunga, wokulirapo ngati njere ya nandolo. Azitsuka kawiri patsiku kwa mphindi ziwiri, ndipo kwa usiku kusaphonyeke. Akatha alavule thovu koma asachukuche ndi madzi, chifukwa madziwo amachotsa fluoride yemwe mwagula uja. Dzino longomera kumene lifikireni ndi mswachi cham'mbali, kuchokera kutsaya, ndipo muzimutsuka nokha kapena kumuimirira mpaka zaka 7 kapena 8. Zotsekemera azidyera limodzi ndi chakudya, pakatipa madzi. Mukaona kadontho kakuda kapena koyera ngati choko, pitani kuchipatala cha boma chimene chili ndi gawo la mano mukafunse za kumata. Mwana akatupa tsaya, thupi n'kutentha, kapena akamalephera kuyasamula ndi kumeza, mupite naye tsiku lomwelo.