Momwe mungasankhire zoyala pansi m'khola la njoka yoweta

Njoka imayenda ndi mimba, imagona ndi mimba, ndipo mphuno yake imakhala pafupi ndi pansi tsiku lonse. Chilichonse mungayale m'kholamo imachikhudza ndi kuchipuma. Zooneka ngati kuthengo ndi zabwino, nanenso ndimazikonda, koma pali dongosolo lake.

Choyamba, dziwani kwawo kwa njoka yanu. Ball python, kansato kakang'ono kochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, kamafuna chinyezi cha 50 mpaka 60 peresenti, ndipo kakayandikira kufundula chikwere kufika m'ma 70. Corn snake ya kummwera chakummawa kwa United States imakhala bwino pa 40 mpaka 50. Kenyan sand boa imakonda pouma pomwe ingadzikwirire. Gulani kachipangizo koyezera chinyezi ka manambala. Tija ta muvi tomata pagalasi n'totsika mtengo, koma timanama kwabasi.

Chachiwiri, fananitsani zoyalazo ndi njokayo. Kwa yofuna chinyezi, makoko a kokonati odulidwa tizidutswa ndiye mfumu: amasunga madzi, sachedwa kuuma pamwamba, komanso amaoneka ngati pansi pa nkhalango. Makungwa a cypress nawonso amagwira ntchito. Kwa ya pouma tengani zopala za mtengo wa aspen, njoka imakumbamo ngalande zake bwinobwino, kungoti zikanyowa zimachita nkhungu msanga. Ofuna kupulumutsa ndalama asakanize dothi lapamwamba lopanda feteleza ndi mchenga wotsuka, makapu 7 a dothi pa makapu 3 a mchenga. Kokonati gulani wothinidwa ngati njerwa, mumalipira zochepa kusiyana ndi wa m'thumba wofufuma kale.

Zopala za cedar musaziyandikire n'komwe, chimodzimodzi paini wosaumitsidwa m'ng'anjo. Fungo lokoma lija ndi mafuta amene amapweteka mapapo ndi khungu la njoka. Mchenga wokha, makamaka wotchedwa wa calcium, umatha kutseka matumbo ikaumeza. Dothi la maluwa lokhala ndi timibulu toyera kapena feteleza lisiyireni maluwa omwewo.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo: musathire chinthu m'khola chichokereni kwa wogulitsa. Ine ndinagulapo makungwa kwa munthu wina pa intaneti amene amagula matumba akuluakulu n'kumapakira m'timapepala tapulasitiki topanda dzina. Mtengo wake unali wokopa. Kumene amasunga katunduyo amasungakonso njoka, zimene sanatchule. Patapita masabata angapo njoka yanga inayamba kukhala m'mbale ya madzi osatulukamo. Nditaiyang'anitsitsa ndinaona timadontho takuda tikuyenda mozungulira maso ndi mumzere wapansi pa chibwano, tina titamira pansi pa mbale ngati tsabola wopera. Nditaisisita ndi kapepala koyera konyowa, panatsala timizere ta magazi.

Zimenezo ndi nthata za njoka, Ophionyssus natricis. Zimayamwa magazi, ndipo mazira zimaikira m'ming'alu ya khola ndi m'makungwa, osati pathupi la njoka, n'chifukwa chake kusambitsa njoka kokha sikuthetsa kanthu. Zonse zoyala zinapita kudzala, nthambi ndi mphanga zobisalamo njoka nazonso ndinazitsuka ndi madzi otentha, njoka inakhala pamapepala oyera kwa milungu yambiri, ndipo mankhwala anachokera kwa dokotala wa ziweto. Ndalama zimene ndinapulumutsa pa kathumba kaja zinatha tsiku loyamba.

Ndiye chitani izi. Gulani thumba lomata la kufakitale, lolembedwa mtundu wa mtengo wake. Wogulitsa akati "ndi zopala basi, zonse n'chimodzimodzi", bwererani. Mukatsegula, nunkhizani: fungo la mankhwala, lowawasa kapena la paini likamveka, musagwiritse ntchito. Thirani pang'ono papepala loyera muone ngati pali choyenda. Tizilombo toyera todumphadumpha nthawi zambiri timangodya zowola, takuda toyenda pang'onopang'ono ndiye tokayikitsa. Dothi ndi masamba ouma otola panja ziyaleni m'thireyi zili zonyowa pang'ono, muziike mu uvuni pa madigiri 90 mpaka 100 kwa ola limodzi, inu muli pomwepo, poti zouma zimayaka. Ena amangoika thumba lonse mufiriza kwa sabata. Ndi njira yachidule, koma ine ndimadalira kutentha. Masamba otola pamene anapoperapo mankhwala uvuni sungawakonze.

Chachinayi, kuyala. Njerwa ya kokonati mukaiviika, finyani m'manja: igwirane koma isadonthe. Pansi pakakhala chinyontho nthawi zonse mamba apamimba amachita zilonda zofiirira. Kuya kwake masentimita 5 mpaka 10, kwa zokumba onjezerani. Ngati chotenthetsera chili pansi pa khola, yalani mopyapyala mbali imeneyo ndipo pakhale thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyeso. Chinyezi chikatsika thirani madzi m'makona, pamwamba pazikhala pouma.

Chachisanu, mwazani masamba pamwamba, ikani ndere za sphagnum zonyowa m'mphanga imodzi yofundulira. Chakudya chiikeni pa mbale kuti isamezere limodzi ndi zinyalala.

Zotsalazi n'zosavuta. Ndowe chotsani mukangoziona, pamodzi ndi zoyala zozungulira. Zonse sinthani pakatha mwezi umodzi kapena itatu, malinga ndi fungo. Njoka yatsopano iyambe yakhala pamapepala kwa mwezi kapena kuposerapo, payokha, kuti nthata ndi ndowe zachilendo zioneke msanga, kenako ndiye muiyalire zokongolazo.