Kuika Lenzi Yopanga M'diso Lomwe Lilibe Lenzi Yake

Kuseri kwa kamwana ka diso kuli kalenzi koonekera ngati galasi komwe kamasonkhanitsa kuwala kuti chithunzi chikagwe pamalo oyenera kumbuyo kwa diso. Kalenzi kameneka kakachita chifunga ndiye ng'ala ija, ndipo chithandizo chake n'kukachotsa basi. Vuto limatsala ngati pamalo pakepo sipanaikidwe kanthu, kaya chifukwa opaleshoni inachitika lenzi zopanga zisanafale, kaya chifukwa diso linavulala, kapena lenziyo inachoka pamalo pake. Diso lotere limaona kuwala ndi mitundu ya zinthu, koma nkhope ya munthu amene waima pakhomo imangooneka mbuu.

Kale anthu otere ankapatsidwa magalasi ochindikala, amphamvu pafupifupi +10 pa muyeso wa mphamvu ya magalasi. Amene munaonapo agogo ovala magalasi amenewa akuthira madzi pambali pa kapu mukudziwa kuvuta kwake: zinthu zimaoneka zazikulu kuposa mmene zilili, zam'mbali sizioneka bwino, ndipo phazi limaphonya sitepe. Zimavuta kwambiri ngati diso linalo lili bwinobwino, pakuti ubongo umalephera kuphatikiza zithunzi ziwiri zosiyana kukula, munthu n'kumaona pawiri.

Njira yoika lenzi mkati mwa diso anaiyambitsa ndi Harold Ridley, dokotala wa ku Britain, mu 1949 pachipatala cha St Thomas' ku London. Iye anazindikira kuti tizidutswa ta pulasitiki ta mawindo a ndege, tomwe tinalowa m'maso mwa oyendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, tinkangokhala m'disomo osalitupitsa.

Langizo langa kwa amene munachotsedwa ng'ala popanda kuikidwa lenzi n'lakuti musaganize kuti nthawi inakutherani, chifukwa lenzi ikhoza kuikidwa ngakhale patapita zaka zambiri. Kapimitseni kwa dokotala wa maso. Iye amayeza kutalika kwa diso, komwe kwa munthu wamkulu kumakhala pafupifupi mamilimita 24, ndi kupindika kwa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, kuti apeze mphamvu ya lenzi yokuyenerani. Amaonanso ngati kathumba momwe lenzi yachibadwa inkakhala katsalako. Ngati kalipo, lenzi imakhazikika pamenepo mosavuta, koma ngati kanang'ambika, dokotala amaika lenziyo kutsogolo kwa kamwana ka diso, kapena kuikoletsa pa gawo lozungulira kamwana ka diso, kapenanso kuisokerera ku choyera cha diso. Njira zimenezi zimafuna luso lalikulu, choncho si kulakwa kufunsa dokotalayo njira imene wasankha ndi chifukwa chake.

Dziwaninso kuti lenzi siikonza mtsempha wa diso womwe unawonongeka ndi glaucoma (matenda amene kawirikawiri amadza madzi a m'diso akamapanikiza kwambiri), kapena kumbuyo kwa diso komwe kwaonongedwa ndi matenda a shuga. Nenani matenda anu onse ndi mankhwala omwe mukumwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi. Kwa makanda a miyezi yochepa, madokotala ambiri amayamba adikira kuti diso likule kaye, mwanayo akugwiritsa ntchito magalasi kapena lenzi zovala pamwamba pa diso, ndipo makolo asalekerere zimenezi, chifukwa diso la mwana losaona bwino limachita ulesi, n'kulephera kuphunzira kuona bwino.

Mukachoka kuchipatala lenzi itaikidwa, ntchito yotsala ndi yanu. Sambani m'manja musanadontheze mankhwala, ndipo kamwa ya kabotolo isakhudze diso kapena nsidze. Musatikite diso, musalole madzi a sopo, fumbi kapena utsi kulowamo, ndipo musanyamule zolemera kufikira dokotala atakulolani. Magalasi owerengera angafunikebe, popeza lenzi zambiri zopanga zimaonetsa bwino patali pokha. Kuyabwa pang'ono ndi misozi masiku oyamba si zachilendo, koma diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira kukamawonjezeka, likamatuluka mafinya, kapena kuona kukachepa mwadzidzidzi, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira deti lomwe anakulemberani.