Kadyedwe pambuyo pa opaleshoni ya pakhosi

Kodi munthu amene wangochitidwa opaleshoni ya pakhosi adye chiyani kuti bala lisatukusike? Ngati adokotala sanakupatseni malangizo apadera, tsatani izi.

1. Masiku 2 oyamba: madzi ozizira ndi msuzi wosefa wofunda pang'ono, kumwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Zakumwa zofiira ayi, chifukwa mukasanza simungasiyanitse ndi magazi. Mkodzo ukayamba kudera, madzi akuchepa m'thupi, ndipo pakhosi pouma m'pamene pamapweteka kwambiri.

2. Kuyambira tsiku la 3: phala losalala, yogati, mazira ofewa, nthochi kapena mbatata zophwanya. Idyani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, mutakhala tsonga. Mankhwala ochepetsa ululu imwani mphindi 30 musanadye. Koma asipulini musakhudze, amachedwetsa magazi kuundana.

3. Pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 nkhanambo yoyera ya pabala imayamba kuchoka. Apa ambiri amanyengeka poganiza kuti achira, n'kudya zokazinga, tsabola, malalanje kapena zotentha, bala n'kutsegukanso. Pitirizani zofewa mpaka masabata 2.

Mukaona magazi ofiira akutuluka mkamwa, siyani kudya, thamangirani kuchipatala.