Mmene ndinathetsera vuto losowa tulo

Kwa miyezi itatu tulo tinkandivuta. Ndinkalowa m'bulangete 10 koloko, koma maso ali gwa mpaka tambala woyamba. Ku ntchito mutu unkalemera, ndipo ndinkangokalipira anzanga pa tinthu tachabechabe.

Mapiritsi ogonetsa ndinayesa, ndinkadzuka ngati andimenya usiku wonse. Mkaka wotentha sunathandize. Nditasiya tiyi wamadzulo zinasinthako pang'ono chabe.

Chimene chinandichiza ndi kuwala kwa m'mawa. Ntchito yanga ndi ya pa kompyuta, ndimalowa mu ofesi 7:30 n'kutuluka dzuwa litapendeka, ndiye thupi silinkadziwa kuti kwacha liti. Kuwala kwa panja m'mawa ndi kumene kumakonza wotchi ya m'thupi, kuti usiku ubongo utulutse pa nthawi yake melatonin, timadzi ta m'thupi timene timathandiza munthu kugona. Babu la m'nyumba silingafanane ndi kuwala kwa panja, ngakhale tsiku la mitambo.

Ndinayamba kutuluka 6 koloko tsiku lililonse, Lamulungu lomwe, kaya ndagona bwino kaya ayi. Apa ndi pamene pali nkhani, nthawi yodzukira isamasinthesinthe. Ndimayenda mphindi 30 kukwera cha ku Botanic Gardens kuno ku Zomba, kumene kumadutsa mtsinje wa Mulunguzi, foni ili m'thumba. Sabata yoyamba inali yowawa, osanama, ndi kuzizira kwa mu Juni kuja. Pofika sabata yachitatu ndinkayamba kuwodzera 9:30 ndili pa mpando.

Usiku foni ndimaisiya pabalaza. Ndalama zimene ndinawononga ndi za nsapato ndi juzi za pa kaunjika basi.