Mukufuna kuchepetsa nsima chifukwa cha shuga? Yambani motere, osangoisiya tsiku limodzi

Pa magulu a WhatsApp masiku ano nkhani ya keto ndi Banting, kadyedwe kochepetsa kapena kusiya nsima ndi zakudya zina za sitachi, yavuta. Wina atumiza chithunzi cha mbale ya mazira atatu, peyala ndi nyama yonona, pansi nkulemba kuti shuga wanga anatha, mankhwala ndinasiya kalekale. Ndiye amayi anu kapena amalume anu amene akudwala shuga aona zimenezo, mawa lake nsima ayi, mpunga ayi, koma mapilitsi aja akumwabe ngati kale. Azakhali anga anachita chimodzimodzi, tsiku lachitatu tinawapeza pakhonde akunjenjemera thukuta lili kamukamu, akuyankha zosagwirizana ndi funso. Anthu anayamba kale kunena za mizimu, chonsecho anali shuga wotsika kwambiri.

Kadyedwe kameneka sikachilendo ayi. Dzina loti Banting ndi la William Banting, bambo wa ku London amene mu 1863 analemba za momwe anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Ku South Africa anakatchukitsa ndi pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town, ndipo abale athu ambiri a ku Joni anakamvera kumeneko. Mfundo yake ndiyoti chakudya cha sitachi ngati nsima, mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata chikalowa mmimba chimasanduka shuga, ndiye ukachichepetsa shuga wa mmagazi sakwera kwambiri ukadya, njala umaithetsa ndi ndiwo komanso mafuta. Zoti zimathandiza anthu ambiri a shuga wa mtundu wachiwiri, uja ambiri amadwala atakula, ndi zoona, bungwe la American Diabetes Association mu 2019 linavomereza kuti kuchepetsa zakudya zimenezi ndi njira imodzi yomwe ili ndi umboni wabwino. Koma pali kuchepetsa pang'ono, magalamu a sitachi ndi shuga osapitirira 130 patsiku, ndiye pali keto weniweni wa magalamu 20 mpaka 50 basi. Ine ndikunena za koyambako. Keto weniweni kuno kwathu ngodula, ngovuta kupitiriza, ndipo ngozi zake ndi zambiri.

Choyamba, tengani kabuku kanu ka kuchipatala muone mankhwala omwe mukumwa

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, musalumphe. Ngati mukumwa metformin yekha, mwayi woti shuga atsike moopsa ndi wochepa. Koma glibenclamide, kapilitsi kakang'ono kaja kamene ambiri amalandira limodzi ndi metformin, kamakakamiza thupi kutulutsa insulin, imene imatsitsa shuga mmagazi, kaya mwadya kaya simunadye. Jakisoni wa insulin naye chimodzimodzi, sadziwa kuti lero nsima mwaisiya. Ndiye mukachotsa chakudya mulingo wa mankhwala uli womwewo, shuga amagwa, munthu mpaka kukomoka. Pitani kaye kukiliniki mukawauze adokotala kapena anamwino kuti ndikufuna kuchepetsa nsima, mankhwalawa titani. Osasintha nokha, osasiya nokha.

Palinso mankhwala ena atsopano, empagliflozin ndi dapagliflozin, amene amapezeka kwambiri mzipatala zolipira. Awa sagwirizana ndi keto mpang'ono pomwe chifukwa magazi amatha kudzadza asidi, matenda otchedwa ketoacidosis, shuga pamakina akuoneka wabwinobwino. Ndipo ngati muli ndi shuga wa mtundu woyamba, muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, impso zanu zili ndi vuto, kapena ndinu wowonda kale (anthu ambiri a shuga kuno si onenepa monga timaganizira), zimenezi musaziyambe pongowerenga pa foni. Omwa mankhwala a BP nawo adziwe kuti thupi likayamba kutsika BP imatha kutsikanso, chizungulire nkumabwera mukadzuka pampando.

Chachiwiri, yezani sabata yathunthu musanasinthe kalikonse

Kamakina koyezera shuga kamapezeka mmafamase, chomwe chimapweteka mthumba ndi timapepala take. Komabe yesetsani, chifukwa popanda kuyeza mukungoyenda mumdima. Yezani mmawa musanadye, kenako patatha maola awiri mutadya chakudya chachikulu, lembani mkope limodzi ndi zomwe munadya. Kwa ambiri mmawa shuga amafunika akhale pakati pa 4.4 ndi 7.2, mutadya asapitirire 10. Makina ena amawerenga manambala akuluakulu, pamenepo ndi 80 mpaka 130 mmawa, ndi osapitirira 180 mutadya. Akatsika pansi pa 3.9, kapena 70 pa makina enawo, ndiye kuti watsikitsa. Kope limeneli lidzakuuzani zinthu zomwe simumayembekezera, ena amapeza kuti phala la mmawa lija amalitenga ngati chakudya cha odwala ndi lomwe likuwakwezera shuga kuposa nsima ya masana.

Chachitatu, yambani ndi zakumwa

Izi sizifuna nkhani yaitali. Botolo la Coca-Cola la 300ml lili ndi shuga wokwana pafupifupi timasupuni 8. Sobo, juwisi wa mpaketi, maheu, thobwa, tiyi wa masupuni atatu, zonsezi zichoke kaye. Uchi nawo ndi shuga, musanamizidwe kuti poti ngwachilengedwe. Masabata awiri oyamba chitani zokhazi basi, muone manambala.

Chachinayi, nsima ija

Mmalawi ukamuuza kuti asiye nsima amakuyang'ana ngati wamutukwana, ndipo sindimuda, munthu wadya mpunga ndi nkhuku koma amanenabe kuti sindinadye. Choncho musaisiye, ichepetseni. Ngati mumadya mitanda itatu bwerani pa iwiri, pakatha sabata kapena awiri bwerani pa umodzi, kukula kwake ngati chibakera chanu osati chipande chodzadza cha ku maliro. Theka la mbale likhale masamba, mbali ina ndiwo ya nsomba, mazira kapena nyama, nsima ikhale kangodya kotsalako. Yambani kudya ndiwo, nsima ibwere pambuyo.

Pali bodza lina lofala loti mgaiwa ungadye mmene ungafunire. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ali momwemo ndipo umakhalitsa mmimba, koma ufa wa chimanga uliwonse pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi sitachi. Mitanda inayi ya mgaiwa ikwezabe shuga. Kondowole ndiye usanene. Mbatata, chinangwa, nthochi zophika, zitumbuwa, mandasi, chipisi cha pa chiwaya, zonse zili gulu limodzi, ndiye lamulo lake nlakuti pa chakudya chimodzi pakhale cha sitachi chimodzi chokha, osati tiyi wa buledi ndi mbatata pambali. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi sitachi ndithu koma zimakweza shuga pang'onopang'ono, ine sindingauze munthu wa kuno kuti azisiye, adya chiyani? Mango nyengo yake idyani imodzi osati beseni, nzimbe iwalani.

Chachisanu, mafuta ake ati?

Apa ndi pomwe anthu a pa WhatsApp aja amasocheretsa anzawo. Amva kuti mafuta ndi abwino ndiye tsiku lililonse soseji, poloni, nyama ya nkhumba yonona, mang'ina, zokazinga mmafuta omwe awira pachiwaya kuyambira Lolemba. Munthu wa shuga ali kale pa chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, ndipo mafuta a nyama ochuluka amakweza kolesterolo woipa uja amati LDL, kwa ena amakwera kwambiri zedi. Shuga atsike koma mitsempha ikutsekeka, mwapindulanji?

Chosangalatsa nchakuti mafuta abwinowo tili nawo kale pakhomo, sitifunika kukagula zodula ku shopu. Nkhwani wotendera, bonongwe kapena chisoso chothira nsinjiro, ndi chakudya chokhutitsa chomwe sichikweza shuga kwambiri. Mapeyala nyengo yake amachita kuwolera pansi ku Thyolo ndi ku Mulanje, theka la peyala ndi mazira awiri owiritsa mmawa mufika masana osamva njala. Usipa, matemba, utaka, chambo mukapeza ndalama, nkhuku ya chikuda, bowa, therere, mpiru, kabichi, ngumbi nthawi ya mvula, mtedza wokazinga wodzadza dzanja limodzi, chambiko chosathira shuga. Mchere wokha chepetsani dzanja makamaka ngati muli ndi BP, usipa wouma umakhala nawo kale wina. Ndipo mtedza ndi mapeyala zimanenepetsa mukazichulutsa, pomwe kwa munthu wonenepa phindu lalikulu la kadyedwe konseka limachokera pa kutsika kwa thupi.

Chachisanu ndi chimodzi, dziwani zizindikiro, apabanja adziwenso

Masiku oyamba mutu umatha kuwawa, kufooka, kudzimbidwa, miyendo kukokana. Imwani madzi ambiri, masamba asachepe, zimatha pakapita masiku. Koma kunjenjemera, thukuta lozizira, mtima kugunda mwachangu, njala yadzaoneni, kusokonezeka mutu, ameneyo ndi shuga wotsika ndipo sadikira. Sungunulani timasupuni 4 ta shuga mmadzi mumwe, kapena theka la botolo la Fanta, dikirani mphindi 15 muyezenso, ngati akadali pansi bwerezani kenako mudye chakudya. Inde, shuga yemweyo tamuletsa uja apa ndiye mankhwala, muziyenda ndi maswiti mthumba. Glibenclamide amakhalitsa mthupi moti shuga amatha kugwanso patapita maola, ndiye zikachitika pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu akakomoka musamuthire chakumwa mkamwa angatsamwe, mugonekeni chammbali muthamange naye.

Kusanza kosalekeza, mmimba kupweteka, kupuma mwakuya komanso mofulumira, mpweya wa mkamwa kununkhira ngati zipatso zowola, izi zitha kukhala zizindikiro za ketoacidosis ija, apo musayesenso za pakhomo, ndi kuchipatala basi usiku womwewo.

Pakatha miyezi itatu

Bwererani ndi kope lanu lija. Pemphani kuyezedwa HbA1c ngati ilipo, imeneyi imaonetsa momwe shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ambiri amafuna ikhale pansi pa 7 peresenti. Yezetsaninso kolesterolo, impso, BP ndi sikelo. Manambala akakhala bwino adokotala okha ndi omwe angachepetse mankhwala, ndipo ngakhale atakusiyitsani, matendawa sanathe, angogona, mukabwerera ku mitanda itatu ija amadzukanso. Kolesterolo akakwera sinthani mafuta, nyama yonona ichepe nsomba ndi nsinjiro zichuluke.

Chovuta chenicheni sichikhala kunyumba kwanu koma ku ukwati, ku chinkhoswe ndi ku maliro, komwe amakuikirani phiri la nsima ndi kandiwo kongonunkhiza, ukakana akuti ukunyada. Azakhali aja masiku ano amadyeratu mazira awiri asananyamuke, mchikwama muli kamtedza ndi maswiti atatu, akafika amatenga mtanda umodzi nkupempha kuti awaonjezere masamba, Fanta yawo amapatsa mwana amene wakhala pafupi.